Choko cha pa chitseko

Loweruka, 19 Malichi

Mvula inandipeza pa msika masana, okwera kabaza kulibe, ndiye ndinaimika njinga n'kulowa mu holo ya kanema ya a Cuthbert kukausa. Bola ndikananyowa.

Akuonetsa filimu ija ya magawo, ya zinthu zochokera kumwamba. Azungu ake amayankhula Chingerezi, ndiye a Cuthbert amakhala pambali pa kanemayo ndi maikolofoni n'kumatiuza m'Chichewa. M'gawo la lero zinthu zija zasiya kuoneka mmene zilili. Zavala khungu la anthu ndi malaya oyera. Zimayenda ziwiriziwiri, china chitanyamula kabokosi. Zikafika pa nyumba yomwe muli mwana zimalemba chizindikiro pa chitseko n'kumapita. M'mawa mwake pogona mwanayo palibe munthu.

Bambo wina anabisa mwana wake mu mgolo. Chinthu chija chinaima pafupi, khosi lake n'kuzungulira lonse mpaka nkhope kuyang'ana kumsana. A Cuthbert anatsitsa mawu: "Chombo chawo chatera kuseri kwa mapiri a Mafinga uko. Chamva fungo la mwana." Mayi wina wogulitsa tomato anadzifunda chitenje kumutu, Chiuta wane, Chiuta wane. Dzanja la chinthu chija litangogwira chivundikiro cha mgolo, gawo latha.

Anthu anakana kutuluka, akuti ikani lotsatira. A Cuthbert akuti mu fulashi yosungiramo mafilimu mulibe, libwera ndi munthu wa ku Tunduma sabata ya mawa.

Ndikudziwa kuti ndi sewero. Koma Mwayi wanga ali ndi zaka ziwiri, ndipo wa mu mgolo uja msinkhu wake ndi womwewo.

Lamulungu, 20 Malichi

Ku tchalitchi sindinamve kalikonse. Ndimangoyang'ana makosi a anthu.

Lolemba, 21 Malichi

Pa siteji ya kabaza nkhani ndi imodzi. Ena akuti mwana uja watengedwa basi, ena akuti bambo ake anamuchotsamo kale, mgolowo ndi wopanda kanthu. Awiri anatsala pang'ono kugwirana malaya. A Lazarus osoka nsapato, aja amayenda pa njinga yopalasa ndi manja, ankangotiseka. "Amuna a ndevu kuopa galasi."

Nanenso ndinaseka.

Ndafika kunyumba dzuwa likadalipo. Pa chitseko pali choko. Zilembo, manambala, ndi mzere wopingasa.

Mkazi wanga Wezi anali kochapa, Mwayi ali kumbuyo, sanaone amene walemba. Oyandikana nafe akuti anabwera awiri, atavala malaya oyera, pakamwa potseka, mmodzi kabokosi kali lende pa phewa. Amafunsa ngati muno muli mwana wosakwana zaka zisanu.

Wezi akuti: "Ndi a katemera wa poliyo, bambo a Mwayi. Analengeza dzulo ku tchalitchi, inu munali kuti?" Akuti chokocho n'choti akumbukire kuti sanatipeze, abweranso.

Abweranso. N'zomwe ndikuopazo.

Ndapukuta ndi sanza yonyowa mpaka thabwa kuoneka. Mu mzere wathu nyumba zina zinayi zapukutanso, ndipo palibe amene wauza mnzake.

Lachiwiri, 22 Malichi

M'mawa ndinapita kwa a Cuthbert, holo isanatsegulidwe. Ndinawapeza akusesa makoko a mtedza. Ndinafunsa mosazungulira: za Mafinga zija, azungu aja anatchuladi?

Anaseka mpaka kutsamira tsache. "Achimwene, azungu aidziwira kuti Mafinga? Ndimaikamo malo akuno kuti filimu ikome. Kwathu ku Ntcheu ndinkati chatera pa Tsangano." Kenako anayang'ana kukhomo n'kunena motsitsa kuti Chingerezi cha mmenemo n'chothamanga, theka amangopeka poona nkhope. Ngakhale zoti chizindikirocho n'chotengera ana, akuti anangoganiza.

Ndimayesa mtima ukhala pansi. Ayi. Mawu angapeke, koma chitseko ndinachiona ndi maso angawa, kabokosinso. Nanga ngati sakumva Chingerezicho, adziwa bwanji kuti sakunena za ife?

Ndinabwerera kunyumba n'kutenga Mwayi. Wezi anaima pakhomo. "Mukupita naye kuti mwana wane?" Ndinati kumunda. Anati inu mwadwala mutu. Ndinamukankhira pambali, osati mwamphamvu, koma ndinamukankha. Chikwatirane sindinapangepo.

Tsiku lonse takhala m'kakhumbi ka kumunda kwa amalume, njira ya ku Kaseye. Chimanga chatalika, munthu sangationere kumsewu. Mwayi wasangalala, kuthamangitsa ziwala wopanda nsapato. Ine ndikangomva njinga yamoto ndimamugwira pakamwa. Kachitatu analira n'kundiluma.

Pobwera ndamva kuti kumudzi wina anthu awathamangitsa a katemera ndi miyala.

Wezi sakundiyankhula.

Lachitatu, 23 Malichi

Mwayi wadzuka akukana kuponda ndi mwendo wamanzere. Ndikamuimika akuupinda n'kukhala pansi. Akafuna kupita kwa mayi ake akukwawa, mwendowo ukukokeka pambuyo. Thupi lafunda.

Ndayang'ana phazi, ndi lakuda ndi dothi, sindinaone kanthu. Ndikalikhudza akukuwa. Ndamupatsa theka la panado.

Sindinagwire ntchito. Ndinangopalasa mpaka pa msika n'kukhala pa benchi ya a Lazarus. Zaka zonsezi sindinawafunsepo za miyendo yawo. Lero ndafunsa kuti zinayamba bwanji. Sanasiye kusoka. "Amama ankati ndinagona bwinobwino. M'mawa ndinakana kuima, thupi litafunda. Ndinali ndi zaka zitatu, akuti poliyo." Anadula ulusi ndi mano n'kundiyang'ana. "Wafunsiranji?"

Ndinadzuka n'kukwera njinga. Njira yonse yobwerera mapedulo amandiphonya.

Tsopano ndili ndi mantha awiri, ndipo sindikudziwa aakulu ndi ati. Kuchipatala ndi kwa malaya oyera aja. Kukhala naye pano, ndikuona njinga ya manja.

Wezi wayankhula kamodzi kokha lero, akupukuta Mwayi ndi nsalu yonyowa, osandiyang'ana. "Mawa mukapanda kumunyamula inu, ndimunyamula ine, ndipo kuno sindibwererako."

Lachinayi, 24 Malichi

Ndinapopa matayala m'mamawa, ndisanadziwe kuti ndilowera kuti, kuchipatala kapena kumunda. Ndikumanga chitenje pa kaliyala ya njinga ndinamva odi.

Awiri aja. Sanalowe pabwalo, anaima kumsewu penipeni. Wamkuluyo, mayi wonenepa, anatsitsa chotseka pakamwa n'kupereka moni wa Chitumbuka chopindika, kumveka kuti ndi wa kummwera. Pachipumi ali ndi pulasitala. Anati dzina lake ndi Dorothy, wa zaumoyo. "Abambo, ngati simukufuna ingonenani, tipita. Koma chonde musagende."

Kabokosi kanali m'manja mwake. Ndinamuyang'ana khosi. Thukuta, ndi kaunyolo ka mtanda.

Sindinati lowani, sindinati pitani. Wezi ndiye anatuluka ndi Mwayi n'kumuimika pansi dala. Mwayi anapinda mwendo n'kugwa. Mayi Dorothy nkhope inasintha, anaiwala zoopa, analowa n'kugwada m'matope ndi malaya oyerawo. Anapempha madzi ndi sopo. Anatsuka phazi pang'onopang'ono, n'kutambasula tizala. Pakati pa kachala komaliza ndi kotsatira panali potupa, pakati pake kadontho kakuda. Atafinya, Mwayi anakuwa, mafinya anatuluka pamodzi ndi kamunga kothyoka.

Wa kumunda kuja. Ndine ndinamupititsako wopanda nsapato.

Mayi Dorothy akuti akuganiza kuti vuto ndi mungawu, koma tipitebe naye kuchipatala lero lomwe akamuone bwino, chifukwa mwana akakana kuponda sasewera nazo. Kenako anandifunsa ngati ndine wa gulu lopukuta choko. Ndinavomera. Anapumira m'mwamba. "Gawo la filimu ija nanenso ndinaonera, pa foni ya mwana wanga. Lolemba povala malayawa ndinadziopa ndekha pa galasi."

Anatsegula kabokosi. Ndinasuzumira. Mabotolo a madzi oundana, ndi timabotolo ting'onoting'ono. Anati madontho awiri okha, pakamwa, palibe jakisoni. Anapempha Wezi kuti agwire Mwayi.

Ndinati ayi, ndimugwira ine. Ngati china chichitike, chichitikire m'manja mwanga.

Ndinamukhazika pa ntchafu n'kumufinya masaya kuti akamule. Dontho loyamba, lachiwiri. Mwayi anakwinya nkhope n'kulavula, zonse zinatsikira pa chala changa. Mayi Dorothy sanaone, anali atatembenuka kale akutseka kabokosi.

Wezi sanaonenso. Ndinaona ine ndekha.

Ndinayang'ana chala chonyowacho kanthawi.

"Amayi," ndinatero. "Walavula. Onjezerani."