Munajambula Ululu wa Makoswe, Wanu Anaukana

Amayi, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Anthu amati mtima umazizira pakapita nthawi. Wathuwu sunazizire, tisakunamizeni.

Zaka khumi ndi zinayi munkalawirira ku labotale kukasamalira makoswe oyera aja. Munkawagoneka ndi mankhwala, kuwalowetsa m'makina ojambulira ubongo, kenaka kupopa kabaluni kakang'ono m'matumbo mwawo. Pa kompyuta mbali ina ya ubongo inkafiira, inu n'kulemba. Munkatiuza kuti alipo anthu ambiri amene m'mimba mumawapota zaka ndi zaka popanda bala looneka, ena n'kumati akunamizira, ndipo chithunzi chofiiracho ndiye mboni yawo. Tinkakusekani kuti makoswewo mumawadziwa kuposa zidzukulu, chifukwa aliyense munamupatsa dzina ngakhale apulofesa, abwana anu, ankafuna manambala okha. Munkaseka mpaka kuvula magalasi, n'kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

Ndiye m'mimba munayamba kukupotani inuyo. Kanayi konse munapita kwa dokotala yemweyo. Kanayi konse anakudinani pamimba ndi zala ziwiri, maso ali pa wotchi, nati ndi nkhawa chabe, ndi matenda omwe aja mumafufuza kuntchito, muchepetse kuganiza. Mutapempha kuti akujambuleni, anati anthu a ku labotale mumakonda kudziyesa madokotala. Khoswe wosaposa chikhatho ankalowa m'makina sabata iliyonse. Inu munadikira chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Pomwe ankakujambulani, khansa inali itafika kale kuchiwindi. Dokotalayo adakali pampando wake. Tsiku lina ndinadutsana naye pakhomo la chipatala, sanandizindikire n'komwe.

Nawo apulofesa tili nawo chifukwa. Mutapempha tchuthi anati muyambe mwadikira kafukufuku athe. Munkapita choncho, mutapindika ndi ululu, siketi mutaigwiriza ndi pini chifukwa inali itayamba kuvuka yokha. Lipoti linatuluka chaka chatha, mayina asanu ndi awiri pamwamba. Lanu lili pansi penipeni, m'timalemba tofunika magalasi, ndipo analilakwitsa. Pamaliro anangotumiza dalaivala ndi nkhata ya maluwa.

Nafenso sitili oyera. Ine mwana wanu woyamba ndinakuuzani kuti muzimvera adokotala, musamadandaule kwambiri. Mawu amenewo amanditsamwitsa mpaka lero. Koma inunso, Amayi, munatibisiranji zoti munayamba kutaya magazi? Si inu munkatilangiza kuti mwana akati pakupweteka, yamba wamukhulupirira, mafunso pambuyo?

Ababa sanachotse gauni yanu yoyera kuseri kwa chitseko. Akafuna kusesa amaikoleka pampando, akamaliza amaibwezera. Mlongo wanga anasiya kwaya, akuti mawu satuluka. Ang'ono anu akulemberabe makalata ku bungwe loyang'anira madokotala. Yachisanu ndi chimodzi inapita mwezi watha, yankho ziii, koma akuti pepala silinawathere. Mdzukulu wanu wamkazi uja munkamutcha Kamtsitsi akadandaula m'mimba, nyumba yonse imaima.

Achipatala anatseka fayilo yanu. Ife sitinakhululuke, ndipo kukuiwalani ndiye ayi, mpaka tidzakupezeni.

Amuna anu, ana anu, ang'ono anu ndi zidzukulu