Dzino Limodzi la Giya

Lachisanu, 13 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno kugalaja ntchito ikuyenda, kungoti sabata ino mtima wanga sukukhazikika.

Galimoto ya malemu alamu, imene munati ndichotsemo zitsulo zotsala, ikadali kuseri kwa galaja. Lolemba kunabwera aphunzitsi ena ndi galimoto ya mtundu womwewo, chitsulo cha mu injini chotchedwa kamushafuti chitadyeka. Nditatsegula injini ya alamu ndinapeza yawo ili bwinobwino, ndiye ndinaichotsa pamodzi ndi giya yake n'kuiika m'galimoto ya aphunzitsiwo. Pomanga lamba wa taimingi, amene amazunguza giyayo, ndinangotsata kadontho ka penti yoyera kamene kanali pagiyapo kosonyeza dzino loyambira.

Injini inalira, koma monyinyirika. Titapita kukaiyesa pachitunda, aphunzitsi anaponda mafuta mpaka pansi, galimoto ikungokwawa, ekizozi ikuphulika. "Bambo makaniko, ikukanika kukwera," anatero. Mawu omwewo anandiuza alamu chaka chatha, nditangowaikira kamushafuti imeneyi.

Ndinayamba ndi kuyang'ana mapulagi, kenako sefa ya mafuta, kenako nthambo zamagetsi, ngakhale ndinkadziwa kuti vuto silili kumeneko. Ndinkazengereza dala. Lachitatu m'mawa ndinachotsa chivundikiro cha lamba, ndinapukuta giya ija ndi kansanza mpaka chizindikiro cha kufakitale chinaoneka. Kadontho ka penti kanali kataphonya ndi dzino limodzi. Penti imeneyo ndi yanga, Achemwali. Ndinapaka ndine, ndikuthamangira ntchito ina.

Alamu atadandaula, ndinawayankha kuti ndi mafuta oipa chabe, ikhala bwino yokha. Patangotha masiku asanu ndi pamene anafuna kupitirira lole pokwera phiri, galimoto n'kusowa mphamvu, basi ikubwera kutsogolo kwawo. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti anapupuluma. Inu munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe mbali yako unachita, galimoto unkawasamalira." Ine ndinangoweramitsa mutu.

Galimoto ya aphunzitsi ndinaibwezera lamba pamalo pake. Ntchito yake sinakwane ndi ola limodzi lomwe. Inakwera chitunda chija ngati yatsopano, eni ake n'kupita akusekerera.

Sindikudziwa ngati alamu akanapulumuka injiniyo ikanakhala ndi mphamvu zake zonse, ndipo palibe amene angandiuze. Koma kuyambira Lachitatulo, galimoto iliyonse ikayamba kukwera chitunda chapafupi ndi galaja, ndimasiya sipanala n'kumvetsera mpaka itafika pamwamba. Anzanga ayamba kundifunsa ngati ndikudwala.

Ndimafuna kubwera kumapeto kwa mwezi kuti ndidzanene zimenezi tikuonana maso ndi maso, ngati mungalole. Mukapanda kuyankha, ndimva ndithu, sindidzakuvutitsani.

Mundiperekere moni kwa ana onse atatu. Koma ngati zikulemerani kutchula malume awo m'nyumbamo, musawauze kuti ndalemba.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.