Chitsulo Chili Pakati pa Matumba

Mudzi wa Kaphinde,
Sinda.
19 Febuluwale, 2024.

Okondedwa a Lajabu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Vubwiko pamodzi ndi a Shamsa ndi ana. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundikana. Dzanja mukuonali ndi la Dorika, mwana wa mlongo wanga, poti ine cholembera sindinachigwirepo. Ndamuuza alembe mmene mawu akutulukira, asadule kanthu. Pa foni ndakana, chifukwa inu mumandidula pakamwa ndisanafike pomwe ndikupita.

Kuno mvula inadula mu Januwale, chimanga chafota chisanamasule. Ndamva kuti kwanuko n'chimodzimodzi. Ndiye kuti zitsime ziuma msanga chaka chino, ndipo anthu a kwa Chikoka, kufupi ndi kwanuko, kumene ndinakhala pa chikamwini zaka makumi anayi, akumbukira chitsulo chathu choboolera zitsime.

Ndikuti chathu chifukwa mano ake munawotcherera ndinu, muli ndi shopu yanu ija ku Katete. Munandiuza kuti, “Lazarus, chitsulo sichifa ndi mwala, chimafa ndi ulesi wa mwini wake.” Ndinamva. Tikaboola chitsime, anzanga akupita kukamwa thobwa, ine ndinkatsala kumasula mapaipi imodziimodzi, kutsuka matope, kuyanika padzuwa, kupaka oyilo wakuda m'mazinga a molumikizira mapaipi, kunola mano ndi tupa, kenako kukulunga m'saka n'kupachika kudenga. Malemu mkazi wanga Zione ankandiseka kuti, “Abambo inu, chitsulocho mumachisambitsa kuposa mmene mumasambira eni ake.” Zitsime khumi ndi zisanu ndi zinayi m'madimba a mudzi umenewo, a Lajabu, ndipo palibe tsiku chinandikanira kumasuka.

Pa maliro a Zione mu Seputembala munabwera, ndikuthokoza. Koma pondisudzula mu Novembala munali ku Mchinji, ndiye simunaone. Anatenga mawu ndi alamu anga a Yelemiya, mlongo wake wa malemu, amene m'moyo wawo sanazungulizepo chogwirira ngakhale kamodzi.

Anati, “Alamu, mwatisungira mlongo wathu bwino, tathokoza. Njira ndi yoyera. Njinga tengani, wailesi tengani, zovala tengani.”

Ndinati, “Nanga chitsulo?”

“Chitsulo chinagulidwa ndi thonje la m'munda wa mbumba yathu. Chitsala.”

“Thonjelo linkadzipalira lokha?”

“Mkamwini amabwera ndi khasu, alamu. Khasu lanu lili apo.”

Anthu anaseka. Anthu amene tsiku lomwelo m'mawa anasamba m'maso ndi madzi anga. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo aliyense ndinkamudziwa kuti chitsime chake chinalowa mapaipi angati. Mwambo sindikuutsutsa, atate anga anasudzulidwanso chimodzimodzi. Koma atate anga sanasekedwe.

Tsopano mverani chomwe ndakulemberani. Masiku awiri zisanachitike izi ndinali nditaboola chitsime m'dimba la mwana wanga Flora, ndipo chitsulo chinali chikadali ndi matope, poti mtima sunali pamalo. A Yelemiya atafunsa kuti tichiike pati, ndinati ndikaika ndekha. Ndinalowa nacho m'kachipinda kawo kosungiramo katundu. Mmenemo munali matumba a feteleza wobereketsa, woyera uja, amene anali atangolandira kumene. Inu mukudziwa chomwe feteleza amachita ndi chitsulo, khasu likagona pafupi naye sabata imodzi limafiira. Sindinatsuke, sindinapake oyilo. Mapaipi ndinawalumikiza atatuatatu, n'kuwamanga ndi sipanala ali onyowa, n'kuwagoneka pansi pakati pa matumba. Thumba lina linali long'ambika.

Dorika waima kulemba, akundiyang'ana. Chabwino, lemba. Ndinaling'amba ndine, ndi msomali.

Potuluka ndinapeza Flora ataima pakhomo ndi botolo langa la oyilo m'manja.

Anati, “Atate, mwaiwala ichi.”

Ndinati, “Chitsulo chakalamba, sichimwanso oyilo.”

“Kuyambira liti?”

“Kuyambira lero. Kaike botololo.”

Pomwepo amalume ake a Yelemiya anakhoma chitseko, n'kumupatsa kiyi pamaso pa anthu. Anati, “Iwe ndiwe wakula nacho, usunge ndiwe. Chikaonongeka tifunsa iwe.” Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo ndinakwera njinga yanga.

Musandione ngati mfiti, anzanga. Maganizo anga anali akuti matumbawo achoka mu Disembala kupita kumunda, chitsulo chigwira dzimbiri pang'ono, lokwanira kuti chiwakanire kumasuka. Ndiye a Yelemiya adzatuma munthu mpaka kuno ku Sinda, kapena adzabwera okha chipewa chili m'manja, ine ndidzawasiya akhale padzuwa pang'ono, kenako ndidzapita kukachimasula onse akuona. Tsiku lililonse ndinkalikonza tsiku limenelo m'mutu, mpaka mawu oti ndidzanene.

Dzana Flora anaimba foni. Pakati pa nkhani zina anati amalume ake feteleza uja sanathire n'komwe, anachedwa kubzala ndipo podikira chinyezi mvula inapita, matumba ali pomwe anali. Miyezi itatu, a Lajabu. Anatinso mtsinje wayamba kale kuphwa, amalume ake akuti mwezi wamawa atulutsa chitsulo aboole pafupi ndi nyumba. Florayo ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chitsime cha kudimba chili kuseri kwa phiri. Anandifunsa kuti, “Atate, kodi chili bwino mmene munachisiyira muja?” Ndinati foni sikumveka.

Ndiye ndikupemphani, Lachisanu mukatuluka mu mzikiti, kapena Loweruka, mupite kwa Chikoka. Mutenge palafini, sipanala zanu ziwiri zazikulu ndi tupa. Chitsulocho mukachichotse m'chipindamo, mukachitsuke ndi madzi ambiri kuti mchere wa feteleza uchoke, chiume. Molumikizira monse muthire palafini, chigone masiku atatu. Musalole anyamata a kumeneko kumenya ndi hamala, aphwanya mazinga. Chikakana, muotche pang'ono ndi zitsononkho, osati moto waukulu. Mano munole mbali imodzi yokha, yamkati. Chikamasuka mupake oyilo, mupachike kudenga kwa Flora, paipi iliyonse payokha. Mumuonetse ndi manja, amagwira msanga mwana ameneyo.

Kupita ndekha sindipita. Mudzi umene unandiseka sudzaonanso phazi langa, kupatula pa manda a Zione.

Mupereke moni kwa a Shamsa, muwauze kuti tiyi wawo ndimamukumbukira. Moni kwa Flora ndi amuna ake ndi adzukulu anga, muwauze kuti ndikudya bwino. A Yelemiya musawapatse moni wanga. Koma mukapeza kuti mazinga afa ndipo chitsulo sichidzaboolanso, musachoke msanga. Muwaitane iwowo ndi onse amene anaseka aja, muwawerengere kalatayi mokweza kuyambira pa matumba mpaka pa msomali, Flora ali pomwepo. Kiyi anali naye iye, koma asamufunse kanthu.

Ndine mnzanu,
Lazarus Sakala