Mapazi a Lenia atupa

Nabvutika, Chipata
9 Ogasiti 2024

Alamu a Ketilina,

Lachiwiri la sabata yatha mng'ono wanu Lenia anabereka mwana wamkazi, miyezi isanakwane. Pepani, ndayamba ndi nkhani moni ndisanapereke. Muli bwanji kumeneko ku Kafue, inu ndi abambo akunyumba ndi ana? Ine ndilipo. Foni yanu sikulowa, ndiye kalatayi ndapatsira a Bizwell, oyendetsa thiraki yochokera ku Mwami. Muwerenge muli nokha.

Mwanayo ndi wochepa zedi, akhoza kugona m'chipewa changa. Ali ku chipatala chachikulu, m'chipinda cha ana osakwana masiku, m'kabokosi kagalasi kofunda, kapaipi kali m'mphuno. Ine ndinamuona kamodzi, pawindo. Dzina sitinamutche.

Lenia anamutulutsa m'wodi mawa lake, akuti bedi likufunika ena. Anamuuza tsiku lodzabwera kuti adzamuone, koma tsikulo lili kutali. Pano akugona pamphasa kuchitando, nyumba ija amagonamo azimayi odikira odwala kuseri kwa chipatala. Usana ndi usiku amayenda kupita kwa mwana, kukafinyira mkaka m'kapu, anamwino n'kuuthira m'kapaipi kaja. Amuna kuchitando sitiloledwa. Ine ndimaimika njinga yanga ya kabaza pampanda, iye n'kubwera kudzatenga chakudya.

Pampanda pomwepo m'pamene ndinaona mapazi ake. Atupa, alamu. Ndinadina ndi chala pamwamba pa phazi, dzenje linatsala osabwerera. Nkhope nayonso yafufuma, maso achepa. Anandiuza kuti mutu ukumuwawa ngati wina akukhomamo msomali, ndipo nthawi zina akuona tinthu tothwanima ngati ziphaniphani dzuwa likuswa mtengo.

Kuchitandoko kuli mayi wina wachikulire, a Mainess, ochokera ku Chipangali, akudikira mpongozi wawo. Si munthu woipa, ndi iwo akhala akumuthowa Lenia ndi madzi otentha popeza amayi anu kulibe. Koma ataona kutupako anati palibe chofunsa, umenewu ndi mdulo, mwamuna wayenda ndi mkazi wina mkazi wake ali m'chikuta. Azimayi ena anavomereza. Dzulo ndikufika pampanda, wina anandifunsa mokweza ngati njinga yanga imanyamula makasitomala okha kapena ndi zina zomwe. Onse anaseka. Lenia anangoyang'ana pansi.

Alamu, ine sindinayende ndi munthu. Ndikachoka kuchipatala ndimapita pa siteji, ndikachoka pa siteji ndimakagona. Lenia akuti akundikhulupirira. Koma kuyambira tsiku limene a Mainess ananena za mdulo akumanga chitenje mpaka kukwekwesa pansi kuti mapazi asaoneke, duku walitsitsa mpaka m'maso. Akuti akaonetsa anamwino ndiye kuti chipatala chonse chidziwa kuti mwamuna wake ndi wotani. Akutinso akamugoneka m'wodi, mwana amufinyira mkaka ndani.

Ndinadikira namwino wa kuchipinda cha ana pakhomo, ndinamufotokozera. Anasiya kuyenda n'kundiyang'ana. Anati zimenezo si zochedwa nazo, kungakhale kuthamanga kwa magazi, kumene kumatha kumugwira mayi ngakhale atabereka kale. Anati ndimubweretse lero lomwe amuyeze bipi. Anati iye kumeneko ali yekha ndi ana odzaza chipinda, azimayi amalowa atavala magauni n'kukhala chowerama, maso ake amakhala pa ana, ndipo munthu wamkulu sangamukoke.

Nditamuuza Lenia, anakwiya. Anati ndamuyalutsa. Pamene namwino anamufunsa madzulo ake, anayankha kuti ali bwino, n'kutopa chabe, wodwala ndi mwana.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Pamphasa yoyandikana ndi Lenia pankagona mtsikana wina wa ku Mwami. Nayenso anatupa chimodzimodzi, nayenso ankamunena zomwezo. Lamulungu akutsuka kapu yake pampopi anagwa, n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Anamunyamula pa machira. Mphasa yake abale anadzaipinda Lolemba. Mwana wake akadali m'kabokosi, pafupi ndi wathu, akumwa mkaka wa m'chitini. A Mainess akuti mwaona, mdulo suchedwa.

Ine sukulu sindinapite patali, za mdulo sindingatsutsane ndi akuluakulu. Chimene ndikudziwa n'chakuti makina oyezera bipi ali pamtunda woti munthu n'kuponya mwala, ndipo kuyeza kwake n'kumanga kansalu pamkono basi.

Ndiye ndikupempha, bwerani. A Bizwell akubwerera kuno akangotsitsa katundu, ndalankhula nawo, malo kutsogolo alipo. Lenia munamulera ndinu, inu sangakukanireni. Inu kuchitando mukhoza kulowa, mukhoza kumugwira dzanja mpaka kwa anamwino. Akamugoneka, mukhoza kumanyamula kapu ya mkaka kuchokera kuwodi kupita kwa mwana, namwino wati zimenezo zimatheka.

Ngati a Mainess akufuna ndiulule kaye kuti Lenia asiye kubisa, ndiulula. Ndidzaima pampanda pomwepo, azimayi onse akumva, ndivomere chinthu chimene sindinachite. Mankhwala awo a mdulo nanenso ndimwa. Inunso mukafuna kundiona ngati munthu wotero, ndioneni choncho, tidzakonza pambuyo. Bola mkono wake ulowe m'makina aja.

Mwana akuti wayamba kuonjezera pasikelo. Lenia anandiuza zimenezi m'mawa uno akumwetulira, atagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri. Kenaka anandifunsa ngati kunja kwachita chifunga. Kunalibe chifunga, alamu.

Mupereke moni kwa abambo akunyumba ndi ana onse. Ambuye akuyendetseni bwino pamsewu. Musadikire kuchapa kapena kugula za mwana, ingonyamukani. Lenia wandipatsa mapatapata ake kuti ndipite nawo kunyumba, akuti sakulowanso. Ndawamangirira pakaliyala, ndipo iye wabwerera kwa mwana osavala kanthu kumapazi.

Ndine mlamu wanu,
Paison