Yun-jae Anagwada Kawiri

Daegu, 8 Malichi

Okondedwa achemwali anga a Hye-ran,

Muli bwanji kumeneko ku Toronto, pamodzi ndi alamu ndi ana? Bondo lija lasiya kuvuta? Pa foni munkadandaula nalo ngati nkhalamba yopanda mano. Kuno tilipo, kuzizira kwayamba kuchepa. Mayi ake a Yun-jae akupereka moni.

Yun-jae wakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi. Mawu ake akadali owerengeka. Masiku ano amangobwereza zimene chikepe cha m'nyumba yathu chimanena, kuti chitseko chikutsekeka, chitseko chikutsekeka, ngakhale tili pa tebulo. Mpunga amadya, koma ukangokhudzana ndi ndiwo m'mbale, nkhondo yayamba. Aphunzitsi ake akuti kwa mwana wobadwa ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa otizimu, akuyesetsa ndithu.

Ndalemba kalata chifukwa zimene ndikufuna kunenazi zikukanika kutuluka pakamwa. Mwina bambo aang'ono a ku Andong akuuzani kale mbali yawo. Imvaninso yanga.

Mukudziwa kuti Yun-jae ndiye woyenera kudzathira vinyo pa nsembe za makolo ine ndikadzapita, poti bambo anali achisamba ndipo mwana wamwamuna ndine ndekha. Nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima. Chaka chatha ndinalumbira kuti pa mwambo wokumbukira bambo, mwana wanga adzagwada ngati mwana wa munthu aliyense. Miyezi itatu, tsiku ndi tsiku, ndinkaimika chithunzi cha bambo pabalaza. Ine kugwada, iye kugwada, chipumi pansi, kudzuka, kubwereza, kawiri monga momwe timagwadira omwalira. Analira, anandiluma mkono, koma anagwira. Tsikulo litafika sanaphonye ngakhale pang'ono, mpaka azakhali anapukuta misozi. Ndinabwerako ndikuyenda ngati tambala.

Mayi ake anandichenjeza. Anati Yun-jae akagwira chinthu wagwira, sasintha, choncho Chaka Chatsopano chisanafike ndimuphunzitsenso kuti amoyo timawagwadira kamodzi kokha. Ndinawayankha kuti asandiphunzitse za mwana wanga yemwe. Mukumudziwa mlongo wanu, makani aja sanathe.

Pa Chaka Chatsopano tonse tinasonkhana ku Andong. Bambo aang'ono anakhala pamalo pawo atavala zamwambo, ana n'kumabwera mmodzimmodzi kudzawagwadira. Itafika nthawi ya Yun-jae, anagwada mokongola, n'kudzuka, ine kumwetulira kufika m'makutu. Kenaka anagwadanso.

Kumbukirani kuti bambo aang'ono anali atangotuluka kumene m'chipatala ndi vuto la mtima. Anakuwa kuti kodi ndabweretsa mwana kudzawaika m'manda ali maso? Ati ngati ndatopa nawo ndingonena, bokosi akagula okha. Mkazi wa Gwang-su, mwana wawo uja, ananong'ona mokweza dala kuti ana otere anthu anzeru amawasiya kunyumba.

Phokoso limamupweteka Yun-jae. Anatseka makutu. Poona kuti anthu akwiya, anachita chinthu chimodzi chokha chomwe ankadziwa kuti chimandisangalatsa. Anayambanso kugwada.

Achemwali, ndinamumenya mbama. Pamaso pa onse, ndi dzanja lomwe likulembali.

Sanalire. Mayi ake anamugwira dzanja n'kutuluka naye, chakudya osachilawa. M'galimoto anangonena kamodzi kuti mwana wachita zimene bambo ake anamuphunzitsa, ndiye wamenyedwera kumvera.

Patapita masabata awiri bambo aang'ono anaimba foni. Ati pa mwambo wokumbukira mayi mu Epulo, Yun-jae asadzapondeko. Vinyo adzathira mwana wa Gwang-su, ndipo zizikhala choncho mpaka kalekale. Ndinavomera. Ndinati chabwino bambo, pepani. Ichi ndi chachiwiri chimene ndikuulula, ndipo manyazi ake akuposa a mbama ija.

Lamlungu lapitali Yun-jae anali pansi akundandalika timabasi take toseweretsa pamzere. Ndinakhala pambali pake, n'kukweza dzanja kuti ndimusisite tsitsi. Anatsinzina, n'kubisa mutu m'mapewa, kudikira. Mwana wanga, amene kale ankandikwera kumsana osapempha. Ndinathawira kubafa, ndinalira mpaka mphuno kutsekeka.

Tsiku lomwelo ndinaimbira bambo aang'ono. Ndinawauza mwaulemu kuti wolakwa ndine, osati mwana, ndipo kumene Yun-jae saloledwa inenso sindipitako. Ndinati mayi ndi anga, mwambo wawo ndichitira m'kanyumba kathu komkuno. Anandifunsa ngati misala ya mwana yandilowa inenso. Ati ndikatero ndadzichotsa pamtundu, ku Andong ndisadzaonekenso. Anadula foni ndisanatsanzike.

Ndiye ndikupempha, achemwali, bwerani mu Epulo. Ndikudziwa ulendo ndi wautali, ndipo mukabwera bambo aang'ono akukwiyirani inunso. Sindikufuna kuti mukandipepesere kwa wina aliyense. Ndikungofuna kuti Yun-jae akamadzathira vinyo, ngakhale theka litatayikira pansi, padzakhale wachibale mmodzi womuyang'ana ndi nkhope yabwino. Kugwada sindimuphunzitsanso. Akadzagwada kasanu, mayi adzasankhapo okha kawiri kowasangalatsa.

Dzanja langa Yun-jae akuliopabe. Aphunzitsi ake akuti ndisamukakamize, ndiziyamba ndamuonetsa dzanjalo poyera kuti abwere yekha. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimakhala pansi pafupi naye, ndimatambasula chikhatho n'kudikira. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Amaliyang'ana, koma sanalikhudzebe. Mawa ndidzakhalanso pansi.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana onse awiri, muwauze kuti malume awo sanawaiwale. Makolo athu akusungeni ndi moyo, ndipo musachedwe kundiyankha, ngakhale yankho likhale lokalipa.

Ndine mlongo wanu,
Seong-ryeol