Girafu Yapita Kumanzere

Nchenachena, Rumphi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine ndilipo, kuzizira kokha. Musasangalale poona dzanja langa, sindinaiwale kanthu. Ndalemba chifukwa cha masamu basi.

Mphunzitsi wa masamu pasukulu pano anasamutsidwa, ndiye ahedi anandiponyera Fomu 3, ine wothandizira chabe wa MSCE yokha. Tili pa magirafu a y = ax² + bx + c, aja munkawajambula pabolodi osayang'ana m'buku.

Za a ndinafotokoza bwino: ikakhala pozitivu girafu imayang'ana kumwamba ngati mbale, ikakhala negativu imavundikirika, ikakula girafu imapanikizika. Za c n'zosavuta, imangoikweza kapena kuitsitsa. Pa b ndi pamene ndinagwa. Ndinawauza kuti b ikakhala pozitivu girafu imasunthira kumanja. Mtsikana wina, Rahab, anajambula y = x² + 4x n'kubwera kutsogolo kudzanena kuti yake yapita kumanzere, yatsikanso pansi. Ndinamukalipira kuti walakwitsa. Nditawerengera ndekha pabolodi, ana onse akuona, yanganso inapita kumanzere.

Anaseka m'Chitumbuka, bambo. Sindinamve n'komwe zimene ankandinena. Rahab anangoti yewo chomene madamu, ndiye zikomo kwambiri wa kuno, n'kukakhala pansi.

Kuno ndilibe womufunsa. Ndikaweruka ndimalankhula ndi khoma. Netiweki mpaka munthu utsikire ku Mhuju, ndipo ukafika uyimbira ndani?

Ahedi ati kumayambiriro kwa mwezi wamawa adzakhala kumbuyo kwa kalasi. Ndikapunthwanso ntchito yatha, ndipo kobwerera ndi kunyumba kwanu kokha, komwe mkazi amene munamulowetsa manda a amayi asanaume akugona pabedi lawo.

Ndiye ndifotokozereni b pang'onopang'ono, monga munkachitira ndi ana opanda mutu, chifukwa chake imakokera girafu cham'mbali ndi pansi nthawi imodzi. Musangondilembera -b/2a, imeneyo ili m'buku. Ana akufuna chifukwa. Yankho mupatse Elias amene wabweretsa kalatayi, abwerera kuno Lachisanu. Zopepesa musayikemo, zingodya pepala. Ndiphunzitseni, bambo, kuti ndisabwere kwanu.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa mng'ono wanga Pamela, mumuuze azivala juzi yanga ija. Akazi anuwo musawapatse moni. Koma akafunsa, muwauze kuti ndikudya.

Ndine mwana wanu,
Dorica