Mlendo Amene Anabadwira M'nyumba Yathu

Lolemba, 9 Julayi

Kwafika Mpwitikizi wachikulire, a Valdemar, imvi mbuu, kasutikesi m'manja. Alendo athu nthawi zonse ndi achinyamata a zikwama zakumsana, osaka bedi lotchipa. Ndawauza kuti mahotela abwino ali ku Polana. Akuti ayi, akufuna muno. Ndawapatsa bedi lapansi m'chipinda chachikulu cha alendo.

Lachiwiri, 10 Julayi

Akuti anabadwira m'nyumba muno, anachoka chaka cha ufulu ali mnyamata. Mtima wanga phaa. Nyumbayi atate anapatsidwa ndi boma azungu atathawa, kenako anaigula. Ndi yathu, komabe ndikuopa kuti mwina adzera nyumbayi.

Atate atamva: "Wadzera nyumba ameneyo, Zulmira. Achoke."

Lachitatu, 11 Julayi

Pa tiyi a V. anatchula mzinda uno kuti Lourenço Marques, dzina lachitsamunda lija. Atate anaika kapu pansi. "Kuno ndi ku Maputo, achimwene. Mzinda mukunenawo unafa. Mabokosi anu padoko ndinkakweza m'sitima ndine."

A V. anapepesa. Nyumba sakuifuna. Akufunafuna Celeste, mayi wantchito amene anawalera. Tsiku lonyamuka amayi awo anamutuma kumsika dala, kuopa misozi, banja lonse n'kuchoka osatsanzika. Chomwe akudziwa ndi dzina loyambalo, ndi kuti kwawo kunali ku Chamanculo, dera lina la mumzinda mom'muno.

Lachinayi, 12 Julayi

Pampu yamadzi yafanso. Alendo akudandaula.

Lachisanu, 13 Julayi

M'mawa ndangoona atate avala jekete lakutchalitchi. "Ameneyu akapita yekha abwerako wopanda nsapato." Apita limodzi ndi a V. ku Chamanculo pa minibasi, akukanganabe za mayina a misewu.

Loweruka, 14 Julayi

Anaipeza nyumba ya Celeste dzulo, atafunsafunsa m'matchalitchi. Celeste anamwalira chaka cha madzi osefukira chija. Alipo mwana wake, Albertina, wogulitsa makala. Atate akuti Albertinayo anawayang'ana a V. kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena, "Ndiye ndinu munkaberekedwa kumsana uja? Ine amayi ndinkawaona Lamulungu lokha." Mpando sanawapatse.

Lero a V. sanadye. Atate awatengera tiyi pakhonde, iwo eni, n'kukhala pambali pawo. Sindinaonepo atate akunyamulira munthu kapu.

Lamulungu, 15 Julayi

Ndege ya a V. ndi ya mawa.

Masana kunaimba belu. Mayi wamtali, chitenje chatsopano, manja akuda ndi makala ngakhale anasamba.

"Ndinu eni pano, achemwali? Ine Albertina. Mzunguyo sindikumufuna. Ndikufuna ndione pamene amayi ankagona."

Ndinachita kukafunsa a V. Analoza kachipinda kakuseri kopanda zenera, komwe timasungira zikwama za alendo. Zaka zonsezi sizinandibwerere m'mutu kuti munkagona munthu.

Tinatulutsa zikwama zonse, ine ndi atate. Albertina anavula nsapato, analowa, anakhala pasimenti n'kutambasula miyendo. Mapazi anagunda khoma. A V. anaima patali, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, chipewa chili m'manja.

Albertina anakhalamo nthawi yaitali. Kenako, osacheuka:

"Muitaneni. Andiuze mmene amayi ankakhalira masiku ena asanu ndi limodzi aja."